Phunziro la ku Francistown: Wantchito, Ngozi ndi Chipukuta Misozi

Munthu woyenda m'midzi ya ku Jenda, ku Embangweni, ku Edingeni mpaka pa boma la Mzimba amaona nyumba zambiri za njerwa zootcha ndi malata zimene zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Koma mbiri ya ndalamazo ili ndi mbali ina yosaoneka pamsewu, ndiyo ya amuna amene adabwerera olumala, odwala, ngakhale osabwerera n'komwe. Mbali imeneyi ili ndi phunziro kwa aliyense wolemba anzake ntchito yoopsa, makamaka makontirakitala a zomangamanga.

Angoni a kwa M'mbelwa adalowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi mu 1904, ndipo mu 1906 msonkho udayamba kutoledwa. Popeza m'bomamo munalibe minda ikuluikulu ya Azungu kapena mafakitale, amuna adayamba kupita kummwera kukasaka ndalama. Ena ankapita paokha, ulendo umene unkatchedwa selefu. Ena ankalembedwa ndi bungwe la eni migodi ya golide la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu adalitcha Wenela. Amene adakhalitsa osatumiza ngakhale kalata ndiwo adatchedwa machona.

M'zaka zoyambazo, amuna ochokera kumaiko otentha ankafa ambiri ndi chibayo m'makomboni a migodi, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu a kumpoto kuno. Chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika 1973 Amalaŵi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya dzikolo. Pa nthawiyo Wenela idali ndi ndege zake, ndipo tauni ya Francistown ku Botswana ndiyo idali mphambano: ochokera ku Malaŵi ankatsika ndege kumeneko n'kukwera sitima, obwerera kwawo ankatsika sitima n'kukwera ndege.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idanyamuka ku Francistown kulinga ku Blantyre, itanyamula amuna amene adatsiriza makontirakiti awo. Itangouluka, mainjini ake adayamba kutentha ndi kufooka, ndipo idagwa pafupi ndi bwalo la ndegelo n'kuyaka moto. Mwa anthu 84 amene adali m'ndegemo, 78 adafa. Oposa 70 mwa iwo adali Amalaŵi. Amuna amene adapulumuka miyala ya pansi pa nthaka adafera pa ulendo wobwerera kwawo.

Ofufuza adapeza kuti mafuta a ndegeyo adasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti. Mainjini a DC-4 amafuna petulo wa mtundu wake. Mafuta a jeti ali ngati palafini, ndipo m'mainjini otere amapsa molakwika n'kuwatenthetsa mopyola muyeso. Sikudali mphepo yamkuntho, sikudali nkhondo. Kudali kulakwitsa kumene kudachitikira pansi, ndege isadanyamuke, pamalo pamene munthu wosamala akadatha kukuona.

Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, adaimitsa kulemba anthu a Wenela, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira unyinji wa Amalaŵi udabwerera kumudzi. Kulemba kudayambanso mu 1977, bungwelo litatenga dzina la TEBA, koma chiwerengero sichidafikenso pakale paja. Kudatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a Amalaŵi pofufuza kachirombo koyambitsa Edzi.

Ngozi ya ndege idamveka dziko lonse chifukwa idapha ambiri tsiku limodzi. Koma padali ngozi ina imene inkapha mwakachetechete, ndiyo fumbi. Poboola thanthwe la golide pamatuluka fumbi losalala kwambiri limene limakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa. Nthendayi, yotchedwa silicosis, ilibe mankhwala, imatsegulira njira chifuwa chachikulu, ndipo kawirikawiri imaonekera patapita zaka zambiri munthu atasiya ntchito. Bambo ankatsokomola ali pakhonde kwawo, kutali ndi dokotala wa mgodi, ndipo banja ndilo linkasenza mtolo wonse.

Mu 2018 makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide, mwa iwo Anglo American, AngloGold Ashanti, Gold Fields ndi Harmony, adavomera kupereka pafupifupi R5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi chifuwa chachikulu amene adagwira ntchito m'migodi yawo kuyambira mu 1965. Khoti lidavomereza mgwirizanowo mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti lizilipira. Apa m'pamene mtengo wa pepala udaonekera. Wopempha ayenera kutsimikiza kuti adagwiradi ntchito pa mgodi wakuti, zaka zakuti, ndi kuti nthenda yake ndi imeneyo. Mayi wamasiye amene alibe nambala ya ntchito ya malemu amuna ake, kapena umboni wa chimene chidawapha, ali ndi mtunda wautali woti ayende.

Lero amuna a ku Mzimba akupitabe ku South Africa, koma ambiri amapita paokha, ndipo ena amagwira maganyu a zomangamanga popanda chikalata chilichonse. Kumudzi nako ntchito yomanga yakula: nyumba, masitolo, masukulu ndi milatho. Malamulo oteteza antchito alipo. Lamulo la 1997 la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha antchito limapatsa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo a ntchito ndi otetezeka ndiponso wopereka zovala zodzitetezera. Lamulo la 2000 la chipukuta misozi limati wolemba ntchito alipire wantchito wovulala pa ntchito, kapena banja lake ngati wamwalira.

Kontirakitala wanzeru, tsono, amachita zinthu zitatu ntchito isadayambe. Amayendera yekha nsanja zokwerapo amisiri, makwerero, zingwe ndi maenje a maziko, pokumbukira kuti thabwa limodzi lofumbwa lingachite zimene mafuta olakwika adachita ku Francistown. Amalemba m'kaundula dzina, mudzi, mfumu ndi wachibale wa wantchito aliyense, ngakhale waganyu wosakaniza simenti tsiku limodzi. Ndipo amagula inshuwalansi, kuti ngozi ikagwa chipukuta misozi chisadalire zimene zili m'thumba mwake tsikulo. Pakuti ngozi imodzi ingathe kugwetsa kampani yaing'ono ndi kusiya ana a womwalira opanda kanthu.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Palibe ndalama imene idabweza amuna a pa 4 April 1974, ndipo palibe imene idzabweze mapapo a odwala fumbi. Chimene mbiri yawo idasiyira omanga a ku Mzimba ndi chakuti chisamaliro chimachitika m'mawa, mmisiri asadakwere padenga, ndipo dzina lake limalembedwa iye akadali wamoyo ndi wamphamvu.