Nyumba ya a Wada ndi denga lomangidwa popanda msomali

Ndinakulira m'nyumba yofolera ndi udzu, ndipo tsiku limene bambo anagula malata tinasangalala ngati tathawa umphawi. N'chifukwa chake ndinadabwa nditafika m'mudzi wa Ogimachi, ku Shirakawa-go m'mapiri a Gifu ku Japan, n'kupeza boma likuteteza nyumba yaudzu ngati chuma cha dziko.

Nyumba ya banja la a Wada ndi yaikulu kwambiri m'mudzimo, ndipo inamangidwa m'nyengo ya Edo. Kamangidwe kake amakatchula kuti gassho-zukuri, chifukwa denga limaoneka ngati manja awiri ophatikizana popemphera. Dengalo ndi lotsetsereka pafupifupi madigiri 60, kuti chipale chofewa, chomwe chimagwa chambiri kumeneko, chisaunjikane n'kuligwetsa. Mitengo ya dengalo anaimanga ndi zingwe za mapesi ndi nthambi zofewa, osakhomapo msomali. Mphepo ikawomba kapena chivomezi chikachitika, dengalo limagwedezeka pang'ono koma silithyoka.

Denga lalitali chotere linali ndi ntchito. M'zipinda zam'mwamba ankawetamo mbozi za silika, ndipo pansi pa nyumba ankapangira mchere wopangira onga wa mfuti. Utsi wa pamoto unkakwera kudutsa m'mipata ya matabwa, n'kumaumitsa udzu ndi kuthamangitsa tizilombo. Nditanunkhiza mwaye, ndinakumbukira khitchini ya agogo.

Nyumba zoterezi zinatsala pang'ono kutha. Damu la Miboro, lomwe linamalizidwa mu 1961, linamiza midzi ina, ndipo nyumba zambiri zinagulitsidwa n'kusamutsidwa. Mu 1971 anthu a ku Ogimachi anapangana zinthu zitatu: osagulitsa, osabwereketsa, osagwetsa. Boma linaika mudziwo pansi pa chitetezo mu 1976, ndipo UNESCO inaulemba m'kaundula wake mu 1995.

Komabe lamulo palokha silingafolere denga. Udzu ukatha patapita zaka makumi angapo, pamafunika anthu ambiri oti afolere pamodzi, mwambo womwe amautcha yui, wofanana ndi dima ya kwathu. Achinyamata akamapita kumatauni, manja amachepa ndipo mabanja ena amalemba ntchito amisiri.

Nditabwerera kumudzi ndinafunsa malume kuti ndani amene akudziwabe kufolera bwino. Anawerenga ndi zala, n'kutchula anthu atatu okha, onse okalamba.