Ngodya Yoperewera ya al-Khwarizmi

Cha m'ma 820, mu mzinda wa Baghdad munali katswiri wa masamu dzina lake Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi. Iyeyu analemba buku m'masiku a mfumu al-Ma'mun, ndipo cholinga chake chinali kuthandiza anthu pogawana chuma cha masiye, poweruza milandu, pochita malonda, poyeza minda ndi pokumba ngalande. Pajatu malire akakhota, ngakhale ana a mimba imodzi amaleka kudyera pamodzi.

Funso lotchuka m'bukumo ndi ili: nambala ina itachulukitsidwa ndi iyo yomwe, n'kuwonjezapo nambala yomweyo kakhumi, zonse zikwana 39. Nambalayo ndi iti?

Al-Khwarizmi anajambula sikweya, ndiko kuti chithunzi cha mbali zinayi zofanana, natenga utali wa mbali yake kukhala nambala yobisikayo. Khumi uja anamugawa pakati, napeza 5. Tsono anaphatika ndime ziwiri, ina cham'mbali ina cham'munsi, iliyonse yotalika ngati sikweyayo koma 5 m'mimba mwake. Malo onsewa pamodzi ndiwo 39 uja. Komabe pangodya panatsala mpata wa 5 uku ndi 5 uku, umene kukula kwake ndi 25. Atatseka mpatawo panabadwa sikweya yaikulu yokwana 64, ndipo mbali yake ndi 8. Pochotsa 5 wophatika uja panatsala 3. Indedi 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, ndipo 9 kuphatikiza 30 ndi 39.

Nzeru imeneyi sinayambe ndi iye. Alembi a ku Babulo ankasula mafunso otere pa mapale a dongo zaka zoposa 3,500 zapitazo, ndipo Brahmagupta wa ku India analemba lamulo lake m'chaka cha 628. Chimene al-Khwarizmi anachita n'kusanja mafunsowa m'magulu asanu ndi limodzi ndi kusonyeza ndi zithunzi chifukwa chake njirayi siinama. Zonsezi anazilemba m'mawu okhaokha, popanda zizindikiro zimene ana asukulu amalemba lero.

M'chaka cha 1145 Robert wa ku Chester anamasulira bukuli m'Chilatini ali ku Spain. Mawu a Chiarabu akuti al-jabr, otanthauza kubwezeretsa, amene ali m'mutu wa bukulo, ndiwo anabala dzina lakuti algebra. Choncho mwana amene akulimbana ndi masamu ameneŵa m'kalasi akutseka ngodya yomwe ija ya ku Baghdad.