Midzi ya m'Mapanga ku Mesa Verde

Pamene tidya nsima, ambiri a ife sitikumbukira kuti cimanga ndi mlendo m'dziko lathu lino. Kwao kwa cimanga ndi ku America, ndipo cinaoloka nyanja kufika ku Africa m'zaka za m'ma 1500. Maungu, nyemba ndi nkhukundembo nazonso kwao nkomweko. Cifukwa cace, nditafika ku Colorado, m'dziko la United States, ndinafunitsitsa kukaona mabwinja a anthu amene analima mbeu zimenezi makolo athu asanazidziwe.

Malowo achedwa Mesa Verde, ndiko kunena kuti gome lobiriwira m'cinenero ca Cispanya. Ndi phiri lalikulu la pamwamba pa cidikha, loyang'anana ndi mzinda wa Cortez, ndipo msinkhu wace upitirira mapazi 7,000. Madzi a mvula analing'amba phirilo m'zigwa zozama zambiri. Makoma a zigwazo ndi a mwala wamcenga wofiirira, umene kalekale unali mcenga wa m'mphepete mwa nyanja. Mwala umenewu umamwa madzi. Madziwo akatsika napeza thanthwe losaloŵa madzi, amaturukira m'mbali ngati kasupe. Nyengo ya cisanu amaundana nagumula mwalawo pang'onopang'ono, ndipo ndimo munapangikira mapanga akuruakuru. Cotero phanga lomwelo linapatsa anthu denga ndi madzi omwe.

Tinatsika m'cigwa cina pa njira yopapatiza, mlonda wa malowo ali patsogolo. Titakhota pa thanthwe, ndinangoti kakasi: mudzi wathunthu uli phee m'kati mwa phanga! Azungu anaucha Cliff Palace, nyumba ya mfumu ya m'phompho, ngakhale kuti munalibe mfumu yotere. Muli zipinda ngati 150, zomangidwa ndi miyala yosema ndi dothi, zina zosanjikizana. Akuti munkakhala anthu ngati 100.

Anthu ameneŵa anayamba kukhazikika pa phirilo ca m'ma 550. Poyamba anakhala pamwamba, pafupi ndi minda yao, m'nyumba zokumba pansi. Pambuyo pace anaphunzira kuumba mbiya, kusaka ndi uta ndi kumanga ndi miyala. Ca m'ma 1190 ambiri anatsikira m'mapanga, koma minda inatsala pamwamba. Ndinaona timaenje tosema m'thanthwe mmene ankaponda ndi kugwira pokwera. Ndinaganiza za mai wosenza cimanga, mwana ali kumbuyo, alikutsika pamenepo, ndipo ndinaleka kudandaula za makwerero a mitengo amene ife tinakwerapo poturuka.

Pa bwalo la mudziwo pali zipinda 23 zozungulira, zokumba pansi, zochedwa kiva. M'menemo ankasonkhana, kupembedza ndi kuotha moto. M'makiva ambiri muli kadzenje pansi, kochedwa sipapu, kokumbutsa malo amene makolo ao oyamba anaturukira kudza pa dziko lino, monga Acewa asimbira za Kaphirintiwa.

Koma midzi yokongolayi sinakhalitse. Pofika caka ca 1300 munalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Zaka zimenezi tizidziwa cifukwa ca mitanda ya denga. Mtengo uli wonse umaonjeza mzere umodzi m'thunthu mwace caka ndi caka, waukuru pa caka ca mvula, waung'ono pa caka ca cirala. Bambo A. E. Douglass, amene anatulukira kaŵerengedwe kameneka, anatha kuchula zaka za mabwinja ambiri a m'dera limenelo m'caka ca 1929. Mizereyo isonyeza cirala coopsa kuyambira 1276 kufikira 1299. Pa nthawi imeneyo nkhuni ndi nyama za m'thengo zinali zitacepa kale, ndipo m'midzi ina ya kufupi mwapezeka zizindikiro za nkhondo. Tsono anthuwo anasamuka, nalowera kumwera.

Kale anthu ankati mtundu umenewu unangozimirira. Zimenezo si zoona ai. Zidzukulu zao ziripo lero lomwe: Ahopi a ku Arizona, ndi anthu a ku Zuni, Acoma ndi midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande ku New Mexico. Kwa iwo Mesa Verde si malo otayika, koma mudzi wakale wa makolo.

Mabwinjawo anakhala osakhudzidwa zaka pafupifupi 600. Anthu a mtundu wa Ute, amene anakhala m'deralo pambuyo pace, ankawadziwa koma ankawalemekeza. M'mwezi wa December 1888, Azungu aŵiri oŵeta ng'ombe, Richard Wetherill ndi Charlie Mason, anaona Cliff Palace pofunafuna ng'ombe zosokera. Mbiri itamveka, anthu anayamba kukumba ndi kugulitsa mbiya ndi zina. M'caka ca 1891 mnyamata wophunzira wa ku Sweden, Gustaf Nordenskiöld, anakumba mosamala nalemba zonse, komanso anafukula mafupa a akufa. Anamgwira ku Durango, koma anammasula popeza panalibe lamulo loletsa. Katunduyo anakathera m'nyumba yosungiramo zakale ku Helsinki, m'dziko la Finland.

Nkhani zotere zinautsa mitima ya anthu, makamaka amai monga Virginia McClurg, amene anacita khama kupempha Boma kuti licitepo kanthu. M'caka ca 1906 lamulo loteteza zinthu zakale linakhazikitsidwa, ndipo pa 29 June caka comweco President Theodore Roosevelt anasaina kuti Mesa Verde akhale malo osungidwa ndi Boma. Koma akufa aja anakhalabe kucilendo. Mpaka m'caka ca 2020 ndi pamene Finland anabweza mafupa a anthu 20 ndi zinthu 28 zimene anaikidwa nazo, ndipo Ahopi ndi anzao a ku Acoma, Zia ndi Zuni anawaikanso m'nthaka ya Mesa Verde, patapita zaka 129.

Pokwera kubwerera pamwamba, mtima wanga unali pa ziŵiri. Popanda okumba ndi olemba, zambiri zimene ndasimba pano sitikanazidziwa. Komabe ndani wa ife angalole kuti mlendo afukule agogo ace kumanda, nakawaika m'bokosi kutsidya kwa nyanja? Ife a m'matauni tasiya mabwinja ndi manda m'midzi yathu, ndipo nkhalamba zodziwa mbiri yace zirikutha. Tikapita kumudzi, tifunse maina a malowo ndi a amene anagona m'menemo, tiwalembe, kuti tsiku lina wina asadzanene kuti eni ace anazimirira.