Mlandu Umene Unaiwalika ku Nuremberg

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, mayiko opambana anakhazikitsa bwalo mumzinda wa Nuremberg kuti lizenge milandu atsogoleri a chipani cha Nazi. Ambirife timadziwa za Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene anaphedwa. Koma ine ndifuna ndikambe za gulu lina limene bwalolo silinaliweruzire mlandu: amuna amene ankakondana ndi amuna anzawo.

Ku Germany kunali lamulo la m'chaka cha 1871, lotchedwa Paragraph 175, loletsa amuna kugonana okhaokha. Boma la Hitler linakhwimitsa lamuloli mu 1935. Amuna pafupifupi 50,000 anapezeka olakwa, ndipo pakati pa 5,000 ndi 15,000 anatumizidwa kumisasa yachibalo, kumene ankawasokera kachigamba kapinki ka ngodya zitatu pamalaya. Ambiri anafera komweko. Chomvetsa chisoni n'chakuti misasayo itatsekedwa, ena mwa opulumukawo anabwezedwa kundende kuti akamalize zaka zawo. Ku West Germany lamulolo linakhala monga Anazi analisiyira mpaka 1969, ndipo linafafanizidwa lonse mu 1994.

Ndikaganizira mbiri imeneyi ndimaona kuti nkhanza imene ilibe dzina m'buku la malamulo siifika pamaso pa oweruza. Chitetezo choyamba chimene malamulo a dziko lonse angapereke kwa munthu ndicho kutchula dzina la nkhanza imene wachitiridwa.

Mpata wotere unapezeka mu 1998 ku Rome, pamene mayiko anagwirizana zokhazikitsa bwalo la ICC, lomwe linayamba kugwira ntchito ku The Hague mu 2002. Ndime 7 ya panganolo imati kuzunza gulu la anthu chifukwa cha jenda ndi mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu. Liwu limeneli linautsa mapiri pachigwa. Nthumwi zina zinkaopa kuti liphatikiza amuna kapena akazi okondana okhaokha, choncho tanthauzo lake linalembedwa mwakuti mbali iliyonse idzione ngati yapambana.

Panadutsa zaka zoposa 20. Mu December 2022, mkulu wozenga milandu pabwalolo, Karim Khan, anafotokoza kuti mlanduwu ukhudzanso nkhanza zochitira anthu otere. Kenaka mu July 2025 oweruza analamula kuti atsogoleri awiri a Taliban ku Afghanistan, Haibatullah Akhundzada ndi Abdul Hakim Haqqani, amangidwe chifukwa chozunza amayi ndi atsikana, komanso anthu ena amene moyo wawo sugwirizana ndi zimene a Taliban amalamula kuti mwamuna kapena mkazi azikhala. Chimene chinasowa ku Nuremberg chinalembedwa patatha zaka 80.

Komabe tisadzinamize. Bwaloli siliweruza nkhanza iliyonse, koma yokhayo yofalikira kapena yochitika mwadongosolo, ndiponso limalowererapo pokhapokha mabwalo a dzikolo akalephera kapena akakana. Chachikulu, lilibe apolisi. Amalawife izi tinaziona ndi maso: mu October 2011 Omar al-Bashir wa ku Sudan, yemwe ankafunidwa ndi bwaloli, anabwera ku msonkhano wa COMESA ku Lilongwe n'kubwerera kwawo osamangidwa, chonsecho dziko lathu linavomereza panganolo mu 2002. A Taliban nawo anangoti bwalolo salidziwa.

Ndidziwa kuti nkhani ya okondana okhaokha imagawanitsa anthu m'mipingo ndi m'mabanja mwathu. Koma funso limene bwaloli limayankha si lakuti khalidwe lawo n'labwino kapena ayi. Funso n'lakuti, kodi boma kapena gulu lankhondo lingasake, kuzunza ndi kupha anthu chifukwa cha mmene alili, popanda wolifunsa?

Akuluakulu amati mlandu suwola. N'zoona, pakuti Germany inafafaniza zigamulo za nthawi ya Anazi mu 2002, ndi za pambuyo pa nkhondo mu 2017. Koma pofika nthawiyo ambiri mwa amuna aja anali atatsikira kulichete, akuwerengedwabe m'kaundula wa boma ngati zigawenga.