Mpweya wa M'ndege ndi Mbiri ya Kudziteteza ku Matenda Paulendo

Pamene ndege zinayamba kuoloka malire a mayiko zitanyamula anthu m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, akuluakulu a zaumoyo ankadera nkhawa matenda amene ndegezo zingakatule kumene zikutera, ndipo za mpweya umene apaulendo ankapumira limodzi analibe nazo ntchito kwenikweni. Maganizo amenewa anachokera kumadoko a sitima zapamadzi, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1300 mizinda ya Ragusa ndi Venice inkaika amalinyero m'bindikiro, kutanthauza kuwapatula kwa masiku 30 kapena 40 asanaloledwe kusakanikirana ndi eni mzinda. N'chifukwa chake pangano loyamba la mayiko loona zaumoyo pa maulendo apandege, lomwe linasainidwa ku The Hague mu 1933, linalunjika pa kolera, nthomba, mliri wofalitsidwa ndi makoswe, typhus ndi yellow fever. Kupopera mankhwala ophera udzudzu m'ndege, komanso kakhadi kachikasu ka katemera kamene apaulendo ambiri a mu Africa amasunga m'kati mwa pasipoti, ndi zotsalira za kaganizidwe ka nthawi imeneyo.

Nkhani ya mpweya inayamba kukula ndege zitayamba kukwera m'mwamba kwambiri, kumene munthu sangathe kupuma bwino popanda chithandizo. Boeing 307, yomwe inayamba kunyamula anthu mu 1940, inali ndege yoyamba ya apaulendo yotsekeka ponseponse ndi kupoperedwa mpweya m'kati, ndipo ndege za jeti zimene zinabwera pambuyo pake zinkatapa mpweyawo m'mainjini, n'kuuziziritsa usanafike kwa anthu. Cha m'ma 1980, pofuna kupulumutsa mafuta, opanga ndege anayamba kubweza pafupifupi theka la mpweya wopumidwa kale n'kuusakaniza ndi watsopano, chinthu chimene chinabala mphekesera imene ilipo mpaka lero yakuti aliyense m'ndege amapuma chifuwa cha mnzake. Zoona zake n'zakuti m'ndege zikuluzikulu mpweya wobwezedwawo umadutsa m'masefa otchedwa HEPA, amene anapangidwa m'ma 1940 pa ntchito yokonza bomba la atomiki ku America, ndipo amagwira magawo 99.97 pa 100 alionse a tinthu tating'onoting'ono touluka mumpweya. Mpweya umalowera kudenga n'kutulukira m'munsi mwa khoma pafupi ndi mapazi, ndipo wonse umasinthidwa maulendo 20 mpaka 30 pa ola, kuposa mmene zimakhalira m'maofesi ambiri.

Koma zonsezi zimayenda pokhapokha makina akamagwira ntchito, ndipo phunziro limeneli linapezeka mowawa mu 1977 m'tauni yaing'ono ya Homer, ku Alaska. Ndege ina yonyamula anthu 54 inalephera kunyamuka chifukwa cha vuto la injini, ndipo inaima pabwalo kwa maola atatu makina oyendetsa mpweya ali ozimitsa, ambiri mwa apaulendowo ali chikhalire m'katimo limodzi ndi munthu mmodzi wodwala chimfine amene ankatsokomola kwambiri. Pasanathe masiku atatu, anthu 72 pa 100 alionse mwa iwo anali atadwala. Akatswiri amaitchulabe ngoziyi chifukwa inaonetsa kuti ndege yoima pansi mpweya usakuyenda ndi yoopsa kuposa ndege youluka, ndipo m'pamene panachokera langizo lakuti anthu asamasungidwe m'ndege nthawi yaitali mpweya usakuyenda.

Chifuwa chachikulu ndicho chinabweretsa muyezo woyamba wa malo a ngozi m'ndege. Mu 1994 mayi wina wodwala chifuwa chosamva mankhwala anakwera ndege yochoka ku Chicago kupita ku Honolulu, ulendo wa maola opitirira asanu ndi atatu, ndipo ofufuza atalondola amene anayenda naye anapeza kuti otenga kachilomboko anali makamaka okhala moyandikana naye. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO okhudza chifuwa chachikulu ndi maulendo apandege, amene anatuluka koyamba mu 1998 n'kukonzedwanso pambuyo pake, anakhazikika pa mfundo yakuti ofunika kuwafufuza ndi amene anakhala mumzere wa wodwalayo ndi mizere iwiri kutsogolo ndi kumbuyo kwake, pa ulendo wa maola asanu ndi atatu kapena kuposerapo.

Muyezowu unali wosavuta kuutsatira, koma sunachedwe kuchita manyazi. Pa 15 Malichi 2003, bambo wa zaka 72 wodwala SARS, nthenda yatsopano yogwira mapapo, anakwera ndege ya maola atatu okha yochoka ku Hong Kong kupita ku Beijing, ndipo mwa anthu 120 amene anali m'ndegemo, 22 anadwala, ena mwa iwo atakhala kutali ndi iye mpaka mizere isanu ndi iwiri. Zimenezi zinasonyeza kuti matenda ena amayandama mumpweya ngati utsi m'malo mogwa pansi msanga ngati malovu, ngakhale kuti akatswiri ambiri anatenga zaka zina pafupifupi 20 asanaivomereze mfundoyi ndi mtima wonse.

Pofika nthawi ya Covid-19, udindo wodziteteza unasamukira pankhope ya wapaulendo mwini. Mu Malichi 2020, masiki asanakhale lamulo, wapaulendo mmodzi anapatsira anthu 15 pa ulendo wa maola khumi wochoka ku London kupita ku Hanoi, ndipo 12 mwa iwo anali m'chigawo cha mipando yodula, kumene anthu amakhala motakasuka. Sefa ya HEPA imayeretsa mpweya umene wafika kale m'mapaipi, koma singaime pakati pa pakamwa pa wotsokomola ndi mphuno ya amene wagundana naye phewa. Ntchito imeneyo ndi ya masiki yothina bwino ngati N95, yomwe imasefa magawo 95 pa 100 alionse a tinthu touluka, makamaka pamzere wokwerera ndi potsika pamene anthu amathithikana. Dziko la America linalamula kuvala masiki m'ndege mu Febuluwale 2021, ndipo khothi lina ku Florida linathetsa lamulolo mu Epulo 2022.

Komabe maboma sanasiye kudalira njira yakale ya pamadoko. Mu Novembala 2021, akatswiri a ku South Africa ndi Botswana atalengeza za mtundu wa kachilombo ka Covid-19 wotchedwa Omicron, mayiko a America ndi Britain anatsekereza apaulendo ochokera kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Mozambique. Pa 26 Novembala ndege ziwiri zochokera ku Johannesburg ndi Cape Town zinatera ku Amsterdam, ndipo apaulendo pafupifupi 600 anasungidwa kwa maola ambiri, poyamba m'ndege zoima pabwalo, kenako mothithikana m'chipinda chodikirira kuyezedwa. Anthu 61 mwa iwo anapezeka ndi Covid-19.