Mmene Korea adatipezera ku Makata

Adzukulu anga, inu amene mumagona foni ili m'manja, anyamata a ku Seoul akuvina m'menemo mpaka tambala woyamba, mumayesa ngati Korea takhala naye chikhalire. Ife tidakula osadziwa n'komwe kuti dzikolo lili mbali iti, ndipo tsiku limene lidatipeza kuno ku Makata lidalowera m'kanyumba ka zigamba za malata kuseri kwa msika, momwe munkanunkha thukuta ndi utsi wa pachiwaya.

Dzinalo ndidayamba kulimva ndili kamwana kopanda nsapato. Nkhondo ya kumeneko idabuka mu June 1950 n'kudzaleka mu July 1953, abale a mimba imodzi ataphana, dziko n'kukhalabe loduka pakati, ena kumpoto ena kummwera, monga lilili mpaka lero. Zaka zomwezo asilikali athu a KAR a ku Zomba adakwezedwa sitima ya pamadzi kunka ku Malaya kukamenyera Angerezi m'nkhalango, tsono amayi a kumudzi, amene nkhani ankazitola pachitsime, ankangosakaniza nkhondo ziwirizi, onse akulira kuti ana awo akathera kum'mawa. Ochokera ku Africa kuno amene adakafikadi ku Korea adali asilikali a Haile Selassie a ku Ethiopia ndi oyendetsa ndege a ku South Africa. Athu sadapondeko.

Pamene ndinkafika m'tauni muno kudzasaka ntchito, boma la Kamuzu lidali litapalana kale ubwenzi ndi South Korea mu 1965, koma izo zidali za anthu a mataye ku Zomba. Zathu ife zidali kulawirira. Mbandakucha, chiperoni chitafunditsa phiri la Ndirande, msewu wa Makata unkachita kuda ndi anthu, ena kwa David Whitehead kukawomba nsalu, ena ku Carlsberg amene adatsegulidwa mu 1968, ena kupitirira mpaka ku Ginnery Corner ngakhale ku Limbe, onsewo wapansi, mbatata yootcha m'thumba ili, khadi la chipani m'thumba linali, pakuti wopanda khadi pachipata cha msika sankadutsa. Masana tinkadya chigumu ndi thobwa titatsamira mpanda wa fakitale. Nsima ya nyama inkadikira kutha kwa mwezi. Tikaweruka kudali kuthamangira kunyumba dzuwa lisanalowe, makamaka zaka zija za kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, 1968 mpaka 1970, pamene mwamuna ankagona nkhwangwa ili kumutu, chitseko atachitsekera ndi mtondo, galu akangouwa nyumba yonse n'kukhala tsonga.

M'moyo wotere za kunja zinkalowa ndi muyeso. Wayilesi idali imodzi, ya ku Chichiri ija. Filimu ku Apollo inkafika itadulidwadulidwa ndi a boma, ndipo ikakhala ya Bruce Lee anyamata ankatuluka akuponyerana zidendene mpaka ku mtsinje wa Nasolo. Munthu aliyense wa kum'mawa kwa Asia tinkangoti Mtchaina, kaya ndi wa ku Taiwan wophunzitsa ulimi wa mpunga, kaya ndi wa ku Japan wophunzitsa sukulu. Kanema wa boma, mukumbuke, adayamba mu 1999, tsitsi langa litayamba kale kuchita imvi.

Tsono padadza mavidiyo sho. Munthu ankangofuna sikirini imodzi, mabenchi a matabwa otsala, chinsalu chakuda pakhomo ndi sipika yoloza kumsewu kuti odutsa akopeke, n'kumalemba mafilimu a tsikulo ndi choko pa kabolodi. Poyamba munkalamulira Rambo ndi Van Damme, kenaka a ku Nigeria ndi ufiti wawo. Madisiki atayamba kutchipa m'mashopu a ku Limbe ndi pa mabenchi a mavenda, padatulukira munthu wa uta ndi mivi, tsitsi lomanga pamwamba, dzina lake Jumong.

Seweroli adalipanga a wayilesi ya kanema ya ku South Korea, ndipo lidaonetsedwa koyamba kuyambira 2006 mpaka 2007, zigawo 81 zathunthu, mnyamata wina Song Il-gook ndiye akusewera Jumong, amene mbiri yawo imati adakhazikitsa ufumu wa Goguryeo zaka 37 Yesu asanabadwe. Ine ndidalowa m'vidiyo sho pofunafuna mmodzi wa amalume anu amene adatumidwa bonya kumsika nthawi ya masana koma mpaka mdima osaoneka. Ndidalowa ndi kamtengo m'manja. Kamtengoko ndidakaiwala pansi pa benchi, ndipo tidabwerera kunyumba tonse awiri usiku, agogo anu aakazi akutidikira pakhonde ndi mawu amene sindingawabwereze pamaso pa ana.

Chidatigwira n'chiyani? Nkhani yake idali ya pamudzi pathu pomwe. Mfumu Geumwa ya ku Buyeo ilera Jumong, mwana wa bwenzi lake Hae Mo-su, itatenga mayi wa mwanayo, Yuhwa, kukhala mkazi wamng'ono. Mkazi wamkulu ndi ana ake, Daeso ndi Yeongpo, mtima uli phuliphuli poopa kuti mpando uwapulumuka. Nsanje ya pamitala ndani sakuidziwa? Filimu ikatha mlandu unkapitirira panja, pa chiwaya, tchipisi chikuzizira m'mbale. Angoni a ku Ntcheu ankati Daeso sadalakwe, ufumu ndi wa mwana wamwamuna wa nyumba yaikulu. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe ankafunsa kuti kodi dziko lonselo mulibe malume, mwini mbumba ali kuti kuti ana aziphana chotere? Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, koma pamenepo tinkakhala makumi atatu, aliyense loya.

Amisiri a mbaula ndi zidebe a mumsika wa Ndirande adali ndi munthu wawo, Mopalmo wosula zitsulo uja, amene adavutika zigawo zambirimbiri kufuna chinsinsi cha lupanga losathyoka. Okalambafe tinkagwedeza mutu poona ufumu wonse ukugwada chifukwa chosowa mchere, pakuti tidaona amayi athu akusungunula chidulo cha phulusa mchere wa kusitolo ukasowa. Ndiye kudabwera anyamata omasulira aja, ma DJ, olankhula pamwamba pa filimu m'Chichewa cha pamsika, mwana wa mfumu n'kumaopseza mnzake ngati kondakitala wa minibasi, hatchi n'kusanduka kabaza. Theka la zimene ankanena adali mabodza a iwo eni, koma agogo osadziwa kuwerenga adayamba kutsatira nkhani. Magetsi akathima pakati pa nkhondo, anthu ankakhalabe m'mdimamo osafuna kutaya malo, mwini sho akulimbana ndi jenereta.

Amayi, amene m'tinyumba timeneti sankalowa kawirikawiri poopa kunenedwa, adapeza wawo m'makomo mwa anzawo okhala ndi DVD: Jang-geum, wa sewero la mu 2003 la zigawo 54, mwana wamasiye wolowa m'khitchini ya kunyumba ya mfumu n'kudzakhala sing'anga wa mfumuyo. Agogo anu ataona akazi a kumeneko akuthira kabichi mchere ndi tsabola n'kumusunga m'mitsuko kudikira nyengo yozizira, chakudya chimene amachitcha kimchi, adati amenewa njala adaionapo, sasiyana ndi ife ofutsa nkhwani n'kumanga m'chikwatu. Ndipo adalasa, pakuti nkhondo ija itangotha dzikolo lidali mwa osaukitsitsa pa dziko lapansi.

Ine chimene chinkandilasa mumtima ndi ulemu. Mwana kugwada polankhula ndi bambo ake, kulandira chikho ndi manja awiri, kutsira nsembe makolo, zinthu zimene ife m'tauni tidayamba kuchita nazo manyazi poopa kutchedwa achimidzi. Anthu opanga mafoni a Samsung ndi magalimoto a Hyundai adaona chanzeru kuwononga chuma kuveka makolo awo zovala n'kuwaonetsa dziko lonse, mpaka mwana wa ku Makata kuloweza mafumu a ku Buyeo. Mwana yemweyo mufunseni za Kalonga, za Lundu, za Mbona wa ku Khulubvi, angokuyang'anani kukamwa yasaa.

Eni ake a dzikolo, a thupi ndi magazi, kuno kummwera sitidawaone ambiri. Mlendo ndi mame, koma ena mwa iwo adakhalitsa. Namwino wina, mayi Baek Young-shim, adafika m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 n'kumathandiza odwala m'midzi, ndipo khama lake ndilo lidabala chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe mu 2008, ndalama zake atapereka mwini kampani ya zombo wa kwawo. Ku Karonga kudapita mayi Kim Chung-ja, amene kuno timawadziwa kuti Agnes Kim, katswiri woimba amene atapuma ntchito ya uphunzitsi adakatsegula sukulu ya zoimbaimba ya Lusubilo, n'kuphunzitsa ana a kumeneko malipenga mpaka gulu lawo kudzapambana mpikisano wa Chibuku Road to Fame. Udapherezekadi mwambi uja woti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Mu 2013, mayi Joyce Banda atabwerako kocheza ku South Korea, kudamveka kuti achinyamata okwana 100,000 apita kukagwira ntchito m'mafakitale ndi m'minda ya kumeneko. Makata yense adatekeseka. Anyamata amene adakulira pa mabenchi a vidiyo sho adayamba kulonjerana mowerama, ena adagulitsa njinga, ena mbuzi za amayi awo kumudzi, kuti apeze ya pasipoti. Ife akulu tidanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ndani akadamva? Pasanapite nthawi boma la Korea lidalengeza kuti pangano lotero kulibe. Mapasipoti adali atatuluka kale, tsono ambiri mwa anyamatawo adakakwera nawo basi pa Wenela, ulendo wa ku Joni.