Makwaya a ku Mulanje Mission ndi Mbiri ya Kujambula Nyimbo m'Malawi

Pa Mulanje Mission anthu akhala akuimba nyimbo za mawu anayi kwa zaka zoposa 100. Amishoni a ku Scotland, amene anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876 n'kudzatsegula ntchito yawo m'tsinde mwa phiri la Mulanje cha m'ma 1890, ankaphunzitsa ana kuimba powalembera do, re, mi pa bolodi, ndipo makwaya a CCAP anakulira m'maphunziro amenewo. M'midzi yozungulira mishoni, Alhomwe amene ankachokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi anabwera ndi gule wa tchopa, ndipo pambuyo pake anyamata anayamba kusema mabanjo ndi magitala awoawo. Komabe pa nyimbo zonse zimene zaimbidwa m'dera limeneli, zimene zinalowa mu tepi n'zochepa kwambiri. Luso linalipo, koma makina ojambulira anali kutali ndiponso m'manja mwa ena. Mbiri ya kujambula nyimbo m'dziko muno ndi mbiri ya makinawo akusendera pang'onopang'ono kufupi ndi woimba, ndipo ndikuona kuti nthawi iliyonse imene asendera, asinthanso maimbidwe enieniwo, mwaubwino ndi mwakuipa pomwe.

Kuti timvetse zimene oimba athu analibe, tione zimene anzawo akunja anali nazo. Gulu la The Beatles linajambula nyimbo zambiri za m'chimbale chake choyamba tsiku limodzi lokha, mu February 1963, ku situdiyo ya EMI ya pa Abbey Road ku London. Pofika 1967, pokonza chimbale cha Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, linatha miyezi ingapo m'situdiyo yomweyo. Makina awo anali ndi mizere inayi yokha pa tepi, choncho wotsogolera kujambula kwawo, George Martin, ndi amisiri ake ankati akadzaza mizere inayiyo, amaisakaniza n'kuisamutsira pa mzere umodzi kapena iwiri ya tepi ina kuti apeze malo owonjezerapo zoimbira zina. Nyimbo imamangidwa mbali ndi mbali, ndipo chimene anthu anamva pa chimbale sichinaimbidwepo chonchi nthawi imodzi. Ku Zambia, magulu a Zamrock monga WITCH ndi Amanaz anatulutsa zimbale zawo m'zaka za m'ma 1970, chifukwa kunali masitudiyo ku Lusaka ndi ku Chingola komanso kampani ya zimbale ya Teal ku Ndola. Kuno kwathu, woimba wa nthawi imeneyo ankadikira kuti makina amupeze. Hugh Tracey, mlendo wosonkhanitsa nyimbo, anayenda ndi galimoto yake yojambulira m'Nyasaland mu 1950 ndi 1958, n'kupita ndi matepiwo ku South Africa. Kuyambira 1964, pafupifupi aliyense wofuna kumveka ankadalira wayilesi ya MBC, kaya ku situdiyo zake ku Blantyre kaya pamene ogwira ntchito ake atulukira m'maboma ndi makina onyamula m'manja.

Kajambulidwe ka nthawi imeneyo kanali ka ulendo umodzi. Gulu lonse limaimba pamodzi pamaso pa maikolofoni imodzi kapena ziwiri, ndipo kusakaniza mawu kumachitika poimika anthu m'malo oyenera: wang'oma kumbuyo kuti asamize anzake, wabanjo chapafupi, wotsogolera nyimbo patsogolo penipeni, ovomera m'mbali. Wina akaphonya, onse amayambiranso. Ena amaona ngati kumeneku kunali kusauka chabe, koma amene wamvetsera bwino nyimbo za Alan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo, ndi gulu lake la Chimvu Jazz Band, amadziwa kuti mphamvu yake ili pomwepo. Banjo, ng'oma ndi mawu zimakokana, nyimbo imafulumira pang'ono ikafika pokoma, ndipo aliyense akumvetsera mnzake. Gulu lotere limayenera kupsa lisanafike pa maikolofoni, popeza panalibe mmisiri woti adzakonze zolakwika pambuyo pake.

Wina anganene kuti tisaidandaule MBC, pakuti popanda iyo sitikanakhala ndi chilichonse cha nthawi imeneyo. Zimenezo n'zoona, ndipo matepi ake ndi chuma chachikulu cha dziko lino. Koma wayilesi inali imodzi, m'dziko la chipani chimodzi, momwe lamulo la 1968 linapatsa boma mphamvu younika nyimbo, mabuku ndi mafilimu. Amene anali ndi makina ndiye ankasankha nyimbo yoyenera kujambulidwa ndi yoyenera kuulutsidwa, ndipo tepi imatsala ku wayilesi, woimba n'kubwerera kwawo wopanda choti agulitse. N'chifukwa chake oimba athu ena otchuka anasungidwa bwino ndi anthu akunja kapena okhala kunja. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anajambulidwa kwambiri ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anakumana nawo mu 1967. Chimbale cha Namoko cha Ana Osiidwa chinatuluka kudzera ku Pamtondo, kampani ya John Lwanda ku Scotland. Kwaya ya pa mishoni ya kumudzi, yopanda woiyankhulira ku Blantyre, mwayi wake unali wochepa kuposa pamenepo.

Zinthu zinatembenukira ku Balaka, ndipo n'zochititsa chidwi kuti zinayambiranso pa mishoni. Alleluya Band inabadwa mu 1978 pa parishi ya Katolika ya ku Balaka mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici, ndipo mtsogoleri wake Paul Banda anadzatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe, imene ambiri amangoiti IY. Kajambulidwe kake kanali kosiyana kotheratu ndi ka MBC. Ng'oma zimachokera m'makina, besi ndi malipenga zimatha kuchokera pa kiyibodi, gitala imalowa payokha, ndipo mawu amabwera pomaliza. Munthu mmodzi wodziwa ntchito amatha kukonza chimbale chonse cha woimba amene wabwera ndi mawu ake okha. Pamenepo kaseti inali itafika pa msika uliwonse, O.G. Issa ku Limbe akugula nyimbo n'kuzifalitsa dziko lonse, bungwe la COSOMA litayamba ntchito mu 1992, ndipo chisankho cha 1994 chitamasula pakamwa pa anthu. Lucius Banda, Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo anamveka m'minibasi ndi m'magolosale kuyambira ku Karonga mpaka ku Muloza, osadikira chilolezo cha wina aliyense ku wayilesi.

Odandaula amati Balaka inapha zoimbira zathu, nyimbo zonse zinayamba kufanana, ndipo banjo ya Namoko inasanduka chinthu chochititsa manyazi. Mbali ina akunena zoona, koma mlandu suli pa Paul Banda. Kujambula ng'oma zenizeni kumafuna maikolofoni ambiri, chipinda chachikulu chosabweza mawu, ndi ndalama zolipira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi masiku angapo. Kiyibodi imodzi inachotsa ndalama zonsezo, ndipo inapatsa mwana wa mlimi mwayi umene kale unali wa osankhidwa ochepa. Ndikakhala ndikuyeza ziwirizi, ndimaona kuti phindu linaposa chotayika. Koma chotayikacho chilipo, ndipo sitiyenera kuchibisa: oimba anasiya kujambulidwa akuimba pamodzi.

Palibe amene wataya zambiri pamenepa kuposa makwaya. Lero kompyuta yafikitsa situdiyo m'matauni ang'onoang'ono, ndipo kwaya ya mpingo kapena ya amayi a Mvano ikasonkha ndalama imatha kutulutsa chimbale chake. Zimenezi n'zoyamikika. Koma kachipinda ka situdiyo zoterezi sikakwana anthu makumi atatu. Mmisiri amayamba wakonza ng'oma ndi kiyibodi, kenako amalowetsa oimba awiri kapena atatu pa liwu lililonse, masoprano paokha, mabesi paokha, aliyense atavala zomvetsera m'makutu n'kumatsatira kugunda kwa makina, ndipo kompyuta imawongola mawu opendekeka. Chotuluka chimakhala chosalala, koma si chimene chimamveka m'tchalitchi cha Mulanje Mission Lamulungu m'mawa, pamene wotsogolera amakoka mzere mwakufuna kwake, mabesi amadzaza nyumba yonse, ndipo mpingo umalowerera osapemphedwa. Maimbidwe amene anaphunzitsidwa kwa mibadwo inayi kapena isanu amadalira anthu kumvana m'chipinda chimodzi, ndipo kajambulidwe kameneka kamachotsa chinthu chomwecho.

Amisiri amayankha kuti ogula ndi mawayilesi amafuna mawu oyera okhala ndi kiyibodi, ndipo kwaya imene yalipira ndalama zake ili ndi ufulu wosankha. Ufuluwo ndi wawodi. Komatu nyimbo za akaidi a ku ndende ya Zomba, zimene Ian Brennan anajambula m'ndende momwemo mu 2013 ndi zipangizo zonyamula m'manja, zinafika posankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy mu 2016. Dziko lakunja linakonda mawu a Amalawi osakongoletsedwa, ndipo chondipweteka n'chakuti wonyamula makina analinso mlendo, monga zinalili m'masiku a Tracey. Kusiyana kwake n'kwakuti lero makinawo tili nawo. Maikolofoni awiri abwino oimikidwa pakati pa tchalitchi, kompyuta imene ili kale m'situdiyo ya pa tauni, ndi mmisiri wololera kunyamula katundu wake kupita kumene kuli kwaya, n'zokwanira kujambula oimba onse a pa Mulanje Mission nthawi imodzi, komanso ovina tchopa a m'midzi yoyandikana nayo, akuluakulu odziwa nyimbo zakale adakali moyo.